Shuga akalowa m'nyumba, amayamba ndi mpamba

Kaya ndi ku Limbe, pa Lizulu kapena ku Jenda, simulephera kupeza benchi lomwe limakhala lofundidwa chiguduli tsiku lonse kamodzi pamwezi. Mwini wake amakhala ali pamzere kuchipatala, kukayezetsa shuga ndi kulandira mankhwala.

Ena amati chipatala cha boma n'chaulere, ndiye akudandaulanji? N'zoona, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi m'zipatala za m'maboma, odwala shuga salipira. Koma wa geni amawerengera zambiri. Pali ya minibasi kupita ndi kubwera, ya kabaza, ya chakudya panjira. Pali tsikulo lomwe simunagulitse, tomato akupsera m'dengu, kasitomala wanu wa masiku onse n'kukagula kwa mnzanu. Ngati wodwalayo ndi mayi anu okalamba, woperekeza ndinu, ndipo ndalama zonsezi zimatuluka kawiri.

Chopweteka kwambiri ndi tsiku lomwe mwafika pawindo n'kumva kuti mankhwala atha, mukagule. Metformin, glibenclamide ndi insulin amachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mafamase inakwera monga zinachitira ndi mafuta ophikira. Kamakina koyezera shuga mumagula kamodzi, koma timapepala take timatha, ndipo ndalama zimapita pamenepo.

Apa ndi pomwe ambiri amapisa dzanja mumpamba. Lero pang'ono, mwezi wamawa pang'ono, kenako pooda mukutenga theka la katundu. Ena amalowa katapila. Ena amadumphitsa masiku omwera mankhwala kuti akhalitse, ndipo imeneyi ndiye njira yodula kuposa zonse. Shuga wosasamalidwa amaononga maso ndi impso, amaletsanso chilonda chapaphazi kupola. Munthu woima pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, phazi likavuta geni yaima miyezi.

Matendawa satha ngati malungo, choncho ndalama yake muziiona ngati msonkho wa pamsika: ichotsedwe tsiku ndi tsiku musanawerenge phindu, ikhale payokha, kaya pafoni kaya m'kachitini. A banki m'khonde funsani ngati thumba la zadzidzidzi lingathandize pa mankhwala. Pogula tengani buku lanu lakuchipatala, mufunse mitengo m'mafamase angapo, muonenso manambala papaketi, chifukwa metformin wa 500mg ndi wa 850mg si mmodzi. Mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika asiyeni. Chimodzimodzi mabotolo a azitsamba olalikidwa m'basi kuti "amathetseratu shuga". Ife ogulitsa timadziwa kukoma kwa pakamwa pa wotsatsa malonda.

Chakudya chokha sichifuna ndalama zambiri monga anthu amaopera. Nsima ya mgaiwa yochepa, nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi therere zili pamsika pomwepo, mwina pabenchi la mnzanu. Zoyenera kuchepetsa ndi zomwe timatola poyembekeza makasitomala: mandasi, zakumwa zam'botolo, tiyi wa masupuni anayi a shuga. Koma amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide musadumphe nkhomaliro chifukwa msika watentha. Shuga akhoza kutsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka. Sungani maswiti awiri m'thumba la epuloni, ndipo woyandikana naye benchi adziwe pomwe ali.