Gawani nkhalango monga mmene mumagawira munda

Mlimi wa ku Chintheche kapena ku Kande amadziwa kuti chinangwa chimafuna kumtunda pomwe mpunga umafuna kudambo. Nzeru yomweyi ndi imene akatswiri a za nkhalango amatsata pogawa nkhalango m'zigawo, chigawo chilichonse ndi ntchito yake.

M'boma la Nkhata Bay nkhaniyi ndi yaikulu kaamba koti mvula imagwa yambiri ndipo mapiri, monga a Kandoli ndi ozungulira Usisya, ndi otsetsereka zedi. Phiri likametedwa kuti anthu adzale mawere kapena kuotcha makala, nthaka imakokolokera m'mitsinje ngati Luweya ndi Limphasa. Mchenga umakwirira minda ya mpunga, ndipo matope amatseka timiyala ta mumtsinje pomwe mpasa ndi sanjika zimaikira mazira. Motero wodula mitengo kumtunda amalanda chakudya mlimi wa kudambo ndi msodzi wa kunyanja.

Ntchito yogawa imayamba ndi mapu. Anthu a m'mudzi ajambule pansi kapena papepala malire a nkhalango, akasupe, manda, njira ndi malo otola bowa ndi masuku. Kenaka mlangizi wa za nkhalango ayende nawo m'malirewo ndi kachipangizo ka GPS kuti mapuwo akhale olondola. Makina a mumlengalenga otchedwa Landsat akhala akujambula dziko lapansi kuyambira m'chaka cha 1972, choncho zithunzi zakale ndi zatsopano zimaonetsa pomwe mitengo yatha ndi pomwe ikuphukira. Pomaliza mitengo iwerengedwe m'timalo tingapo tosankhidwa kuti adziwike mitundu yake ndi kukula kwake.

Zikadziwika izi, nkhalango igawidwe panayi. Chigawo choyamba ndi chosakhudza: akasupe, magombe a mitsinje, manda ndi malo otsetsereka kwambiri. Muno nkhwangwa isalowe, koma ming'oma ya njuchi ikhoza kupachikidwa. Chachiwiri ndi chokolola nkhuni, milimo ndi udzu. Ichi chiduleni m'magawo, mwachitsanzo 20, ndipo chaka chilichonse mudule gawo limodzi lokha. Mitengo ya miombo imaphukira pachitsa, tsono pobwerera ku gawo loyamba patapita zaka 20 mudzapeza mitengo ina. Chachitatu ndi cha malo oguga, pomwe moto ndi mbuzi ziyenera kuletsedwa kuti mphukira zikule. Chachinayi ndi cha mitengo yodzala ya nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba. Mitengo ikuluikulu ya mbawa ndi mlombwa, yomwe amisiri a mabwato ndi matabwa amaisirira, iikidwe chizindikiro ndipo isadulidwe popanda chilolezo.

Lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola nyakwawa, mothandizana ndi nthambi ya za nkhalango, kupatula malo a nkhalango ya m'mudzi ndi kukhazikitsa komiti yoyang'anira zachilengedwe. Limalolanso midzi kusaina mgwirizano ndi boma woyang'anira limodzi nkhalango za boma monga Mkuwazi, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1927 kufupi ndi Chintheche. Dziko la Malawi linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zoonongeka pofika chaka cha 2030, ndipo mahekitalawo ali m'midzi mwathu momwemu.

Chenjezo ndi lakuti mapu opangidwa popanda eni ake amabala mikangano. Amayi otola nkhuni, asing'anga, osema mabwato ndi midzi yoyandikana nayo akhalepo pokambirana malire. Banja lomwe munda wake wagwera m'chigawo chosakhudza limvedwe ndi kupezeredwa malo ena lisanauzidwe kuti lichoke. Mukagwirizana, lembani malamulo a m'mudzi, ikani zizindikiro m'malire, lambulani njira zotchinga moto mvula ikangosiya, ndipo yendaninso m'malirewo chaka ndi chaka. Yambani poonana ndi mlangizi wa za nkhalango wa m'dera lanu dzinja lisanafike.