Vistani a m'masewera ndi Akafula a ku Chongoni

Ngati munasewerapo Dungeons & Dragons, kapena kuonera ena akusewera pa YouTube bandulo isanathe, mwina mukuidziwa Barovia, dziko la nkhungu lolamulidwa ndi Strahd, chilombo choyamwa magazi. Dzikoli linayamba ndi buku la Ravenloft lomwe Tracy ndi Laura Hickman analemba mu 1983. Aliyense kumeneko ali ngati mkaidi, kupatula mtundu umodzi wa anthu oyendayenda pa ngolo, otchedwa Vistani. Iwowa nkhungu imawatsegulira njira. Amaombeza ndi makhadi, amatemberera, ndipo ena ndi akazitape a Strahd.

Zokoma kusewera, eti? Vuto ndi loti anthuwa sanachokere m'mutu mokha. Anawajambula potengera miseche ya anthu a ku Ulaya yonena za Aroma, mtundu weniweni womwe wakhala ukunamiziridwa kuba ndi ufiti kwa zaka mazana ambiri. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast inavomereza kuti buku la Curse of Strahd la 2016 linabwereza miseche imeneyi, ndipo inakonza mawu ena.

Ine nkhaniyi imandikumbutsa kwathu kuno, ku mapiri a Dedza, komwe mu Juni nkhungu simachita kuifunafuna. Nafenso tili ndi anthu oyendayenda omwe tinawasandutsa nthano: Akafula, kapena kuti Abathwa. Ambiri timawadziwa ndi nkhani imodzi basi. Akuti mukakumana ankafunsa kuti wamuonera pati. Ukati "pompano", muvi. Ukati "kutali uko", umapulumuka chifukwa wamuyesa wamtali. Nkhani yonse yathera pa msinkhu ndi ukali, ndipo amene anaifotokoza ndi anthu amene anabwera pambuyo pawo n'kukhala eni dera. Mbali ya Akafula eni ake sitinaimve.

Komatu anasiya zizindikiro. Dera la Chongoni, lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala. Zofiira zija, mizere ndi zozungulira, akatswiri amati ndi za alenje oyendayendawa. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Malo ena zoyera zili pamwamba pa zofiira, pathanthwe limodzi. Ndiye kuti phanga lomwe Mkafula analisankha, Mchewa naye analiona kuti ndi lofunika. Kumeneko sikuwaona ngati zilombo ayi.

Ndikunena izi chifukwa achinyamata tayamba kulemba nkhani zoopsa pa Facebook ndi WhatsApp, ena akulota zopanga magemu a kwathu. Chidule chake n'chodziwika: kutenga Akafula, kuwapatsa maso ofiira, kuwaika kuphanga la Chencherere kuti azidikira alendo. Amenewo angokhala Vistani a chikale ovala zikopa.

Ine gemu yomwe ndingailipirire ndi yoti wosewera akhale Mkafula. Uli pa phiri la Mphunzi, ukudziwa komwe kuli uchi ndi kasupe wosaphwa. Tsiku lina ukuona utsi kudambo: kwafika anthu a makasu achitsulo, akugwetsa mitengo yomwe njuchi zako zimakhalamo. Usinthana nawo nyama ndi mapira, kapena usamuka? Ndipo mlendo akatulukira pafupi ndi phanga la ana ako, funso loti wakuonera pati likhala lofuna kudziwa ngati wakhala akukutsatira kuchokera kumtsinje.