ZA BALA LA MUMTIMA, NDI MACIRITSO ACE

Mwana akathyoka mwendo mudzi wonse uona, ndipo palibe womkalipira cifukwa ca kutsimphina kwace. Koma pali bala lina losakha mwazi, limene ligwira anyamata ndi anamwali pa msinkhu wa kukula. Ilo tilicha ulesi, mwano, kapena kulodzedwa. Ndipo tilanga mwana amene anayenera kuciritsidwa.

Musayese kuti nthendayi nja mtundu umodzi wa anthu. Bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse, lochedwa World Health Organization, linalengeza m'caka ca 2021 kuti mwa ana a zaka 10 kufikira 19, mmodzi mwa 7 ali ndi nthenda ya maganizo. Ndiko kunena kuti pa sukulu ya ana 70 a msinkhu uwu, ngati 10 asenza katundu wosaoneka. Ndipo kudzipha kuli pakati pa zifukwa zazikuru za imfa ya anthu a zaka 15 kufikira 29, m'maiko olemera ndi osauka omwe.

Coyamba, bala ili licokera kuti? Magwero ace ngambiri, koma lalikuru ndilo mantha. Mwana akakomana ndi coopsa coposa mphamvu zace, monga nkhondo, kugwiriridwa, kumenyedwa kosalekeza, kapena imfa ya amace pamaso pace, thupi lidzikonzera kuthawa: mtima ugunda, mpweya ucepa, maso apenyetsetsa. Izi nzabwino pa ora la tsoka. Koma mwa ana ena, tsoka litapita, thupi silimva kuti lapita. Cikumbukiro ca tsiku lija sicikhala m'malo mwace pamodzi ndi masiku ena akale. Cikhala zidutswa zopanda tsiku ndi malo: pfungo la utsi, kugunda kwa citseko, mau a munthu wina. Mwana akamva cimodzi ca izi, amva ngati coopsa cija ciri kucitika tsopano lino. Cifukwa cace alota zoopsa, adzidzimuka, aleka kusewera ndi anzace, nalambalala njira imene anayendamo kale.

Caciwiri, adzipwetekeranji? Ena adzitema pakhungu kapena kudzimenya, nabisa zipsera pansi pa malaya. Ambiri a iwo safuna kufa ai. Afuna kuti kuwawa kwa m'thupi kutontholetse kuwawa kwa mumtima. Mpumulowo ngwa kanthawi. Pambuyo pace adza manyazi, ndipo manyazi abala kudzipweteka kwina. Komatu musacipepuse, pakuti wodzipweteka ali pafupi ndi ngozi ya kudzipha koposa anzace. Dziwaninso kuti maganizo a kufa adza kawiri kawiri ngati kabvumbvulu, napita. Ku Sri Lanka, cisumbu ca kumwera kwa India, anthu ambiri a kumidzi, acinyamata omwe, ankamwa mankhwala a m'munda atangokangana ndi abale ao. Boma linaletsa mankhwala akupha koposa, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 imfa za kudzipha zinatsika ndi magawo ngati 70 pa 100. Mikangano sinatha m'nyumba zao. Koma ora loipa linapita, munthu ali moyo.

Cacitatu, kodi bala ili lipola? Inde lipola; ndipo umboni wace ucokera kumene linali lakuya. Kumpoto kwa Uganda, kuyambira 1987 kufikira 2006, gulu la nkhondo la Joseph Kony linagwira ana zikwi zambiri, niliwakakamiza kunyamula mfuti, ena kupha ndi abale ao omwe. Amene anabwerako anafika ndi matupi amoyo, koma tulo analibe. Tsono akatswiri a ku Konstanz, m'dziko la Germany, Maggie Schauer, Frank Neuner ndi Thomas Elbert, anali atakonza njira ya kuciritsa ndi kufotokoza mbiri ya moyo; ndipo njirayi anaiphunzitsa kwa anthu wamba a komweko, osati madokotala.

Macitidwe ace ndi awa. Mwana ayala cingwe pansi. Nsonga yace ndilo tsiku la kubadwa kwace. Mbali yotsala aisiya yokulunga, ndiyo masiku amene sanafike. Pa cingwepo aika duwa pa cokondweretsa ciri conse, ndi mwala pa coopsa ciri conse, monga mwa kutsatana kwace. Pamenepo iye ndi mlangizi ayenda pa cingweco tsiku ndi tsiku, kuyambira ku ubwana. Pofika pa mwala sathamanga. Mlangizi afunsa: Unali kuti? Inali nyengo yanji? Unaonanji, unamvanji m'thupi mwako? Ndipo tsopano lino, uli pano ndi ine, ukumvanji? Motero zidutswa zija zilandira tsiku ndi malo, ndipo mtima uphunzira kuti mwala uja uli m'mbuyo. Mlangizi alemba zonse, namwerengera kuti akonze polakwika; potsiriza ampatsa mbiriyo ikhale yace. Ndipo mwana aona ndi maso ace kuti pa cingwe pali maluwa omwe, ndi kuti cingwe sicinathe.

Njirayi anaiyesa pa acinyamata 85 amene anagwidwa ku nkhondo ija, a zaka 12 kufikira 25. Ndipo zopezazo zinasindikizidwa m'caka ca 2011. Amene anakomana ndi mlangizi kasanu ndi katatu anapeza bwino koposa anzao amene anathandizidwa maphunziro a sukulu, kapena amene anali kudikira. Ku Lusaka nako, m'dziko la Zambia, anayesa njira yofanako pa ana 257 a zaka 5 kufikira 18, imene iitana ndi wolera mwana yemwe kuti aphunzire pamodzi naye. Monga analemba m'caka ca 2015, zizindikiro za bala zinatsika ndi magawo 82 pa 100 mwa olandira njirayi, koma 21 okha mwa enawo.

Nanga ife ticitenji? Mukaona zipsera pa mkono wa mwana, musapfuule, musatenge ndodo, musamcititse manyazi pamaso pa anthu. Khalani naye pansi pa awiri, nimunene kuti mwaona, ndi kuti simumtaya. Mfunseni poyera ngati aganiza za kufa; pakuti akatswiri anafufuza napeza kuti funso ili silibzala maganizowo, koma litsegula khomo. Akati inde, musamsiye yekha. Cotsani pafupi mankhwala a mbewu, a makoswe ndi a cipatala, nimumperekeze ku cipatala tsiku lomwelo. Ngati pali munthu amene ali kumzunza, yambani mwamcinjiriza. Pakuti bala silipola mpeni ukali momwemo. Ndipo musamkakamize kufotokoza zoopsazo pa bwalo kapena pa msonkhano. Kuyenda pa miyala ija ndiyo nchito ya mlangizi wophunzitsidwa. Nchito yanu ndiyo kumvera, kukhulupirira mau ace, ndi kumperekeza.

Makolo athu anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cifukwa cace inu aphunzitsi, inu anankungwi, inu atsibweni ndi azakhali, penyani mwana amene wakhala cete mwadzidzidzi, amene abvala malaya a mikono yaitali pa dzuwa la Okutobala. Musadikire kuti adze yekha, pakuti manyazi amanga miyendo yace. Mukani kwa iye ndinu.