Kalata ya Khirisimasi ndi Mwambo wa Malonje

Mwezi wa Disembala ukafika, mabanja ambiri achikhristu a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 25 amatumiza mau kwa abale ao, kuwafunira Khirisimasi yabwino ndi kuwauza zimene zaoneka pakhomo chaka chonse. Mphunzitsi ayenera kuidziwa bwino kalata yotere, pakuti kawirikawiri woilemba kapena woiwerenga pamaso pa akulu ndiye mwana wa sukulu.

Khadi la Khirisimasi ndi chinthu chachilendo: loyamba linasindikizidwa ku London m'chaka cha 1843, ndipo analikonzetsa ndi Henry Cole. Koma kufotokozerana za moyo sikunabwere ndi Azungu ai. Makolo athu anali nao mwambo wa malonje. Mlendo akafika, ankayamba wakhala pansi ndi kupumula. Atatero ankalongosola za ulendo wake ndi za kumene wachokera, eni mudzi nayankha ndi zao. Kalata ya Khirisimasi ndiyo malonje omwewo, koma oikidwa papepala.

Zinthu ziwiri zinakulitsa mwambo wa makalata. Choyamba ndi sukulu za mishoni, monga za ku Nkhoma ndi ku Likuni, kumene anthu anaphunzira kulemba. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, Akhristu anaonamo makalata a Paulo, amene ayamba ndi moni natsiriza ndi kupereka moni kwa anthu potchula maina ao, monga tiona pa Aroma 16. Chachiwiri ndi ulendo wa kuntchito. Amuna ambiri anapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ndipo amene analeka kulemba ndi kubwera ankatchedwa machona. Pambuyo pake, Lilongwe atasanduka likulu la dziko mu 1975, anthu a m'maboma onse anadzakhala m'tauni, nasiya makolo ao kumudzi.

Kalata yolembedwa bwino ili ndi zigawo zinai. Poyamba pali moni ndi kufunsa za moyo. Wolemba sayamba ndi zake zokha, koma amati, "Ife kuno tili bwino, kaya inu kumeneko." Mwana aphunzire kuti polembera atate, amai kapena atsibweni sanena "iwe" koma "inu", ndiponso satchula dzina la wamkulu poyera. Mau akuti "wokondedwa" ayenera mnzake wa msinkhu umodzi. Kwa akulu tilemba "Okondedwa amai" kapena "Atate olemekezeka".

Chachiwiri ndi nkhani za anthu. Pano chinenero chathu chimayenda mosamala. Za imfa sitilemba kuti "anafa" koma "anatisiya". Za kubadwa timati "tinalandira mphatso ya mwana wamkazi". Ndipo za pakati sitilengeza m'kalata imene idzawerengedwa pagulu. Pakati pa Achewa, amene mbumba yao itsata kuchikazi, nkhani ya ukwati iyenera kufika kwa atsibweni ndi ankhoswe isanamveke kwa ena. Kalata ya chaka ingokumbutsa zimene eni mbumba anamva kale. Banja limene lidziwitsa atsibweni za ukwati wa mwana mwa kalata ya anthu onse lapalamula mlandu.

Chachitatu ndi nkhani za ntchito, za sukulu, za mpingo ndi za kumunda: amene wakhoza mayeso, amene wabatizidwa, amene ntchito yamthera. Khirisimasi kwathu kuno imafika mvula itagwa, anthu ali kupalira, nkhokwe zitayamba kuchepa. Chifukwa chake wa m'tauni amafunsa za mvula ndi za feteleza, ndipo sayenera kudzitama ndi mpunga ndi nkhuku polembera anthu amene ufa wawathera. Ngati watumiza kanthu, atchule kuchuluka kwake ndi mwini wake, kuti pasadzakhale mkangano.

Chotsiriza ndi kuthokoza Mulungu, kupereka moni kwa aliyense motsata ukulu, ndi kutseka ndi mau onga akuti, "Ndatha ine mwana wanu." Kuiwala munthu mmodzi pamndandanda umenewu kumapweteka koposa kusalemba konse.

Masiku ano ambiri salembanso papepala. Amatumiza mau pa WhatsApp, ndi ndalama pa foni. Njira yasintha, koma malamulo a ulemu ndi omwe aja, ndipo chithunzi cha mtengo wa Khirisimasi chotumizidwa kwa anthu makumi asanu sichingalowe m'malo mwa malonje.

Tsono mphunzitsi achite chotere sukulu isanatsekere. Ana ayambe achita malonje pakamwa, awiriawiri, wina mlendo wina mwini nyumba. Kenaka aliyense alembere agogo ake kalata ya zigawo zinai zija, ndipo mnzake aiwerenge mokweza, kalasi iweruze ngati nkhalamba ingaimve ndi kukondwa nayo. Mphunzitsi asakakamize mwana kulemba za maliro kapena za umphawi wa kwao. Wosafuna alembe za banja longopeka. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Koma abale osamvana mau chaka ndi chaka amafika posadziwana ana ao.