Maula ndi Masuku: Nkhwiru ya Pakhomo Yocokera Kuthengo

Mvula ikayandikira, amene ayenda pa mseu wa Great East Road kupyola ku Chongwe amaona mabeseni a masuku atandandalikidwa m'mbali mwa mseu. Pa nyengo yomweyo maula amakhala akulakatika okha m'nkhalango. Muula ndiwo mtengo umene Abemba amaucha mpundu, ndipo pansi pa mtengo wotere, kwa Chitambo, m'pamene anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873.

Ku America kuli cakudya cotsekemera cochedwa cobbler, cimene amai amaphika ndi zipatso za plum: zipatso pansi, ufa wokanda pamwamba. Ifenso tingacipange ndi zipatso zathu, ngakhale tiribe uvuni.

Tsukani masuku kapena maula okupsa bwino, muwafinye m'madzi pang'ono ndi kucotsa makoko ndi njere, mpaka mupeze makapu 2 a phala lake. Lithireni mumphika wopaka mafuta. M'mbale ina sakanizani kapu imodzi ya fulawa, theka la kapu ya mgaiwa, sipuni yaing'ono ya baking powder, dzira limodzi, mafuta pang'ono, shuga masipuni 2 ndi mkaka wokwanira kufewetsa. Yalani zimenezi pamwamba pa zipatso zija. Vundikirani, muike makala ocepa pansi, ambiri pa civundikiro, monga ticitira pophika cikondamoyo. Pakapita mphindi 30 kapena 40, pamwamba pakafiira, phulani.

Zipatso zimapatsa thupi mavitamini ndi kuthandiza m'mimba kuti musaume. Dzira ndi mkaka zimamanga thupi la mwana, pamene ufa ndi mafuta zimapatsa mphamvu. Shuga wogulitsidwa muno m'Zambia analamulidwa mu 1998 kuti aziikamo vitamini A, komabe musacurutse, cifukwa amaononga mano, ndipo odwala matenda a shuga ayenera kusamala. Moto umacepetsa vitamini C, motero siyaniko zipatso zina kuti ana adye zosaphika.

Koma pali nkhawa. Makala ambiri opita ku Lusaka amacokera m'maboma oyandikana nayo monga Chongwe, ndipo nkhalango zikutha. Makolo athu polima munda ankasiya muula ndi msuku ciriri, podziwa kuti udzadyetsa ana zokolola zikacepa m'nkhokwe. Thumba la makala ligulidwa kamodzi, koma mtengo ubala caka ndi caka. Inu atate, mukapita kuthengo ndi nkhwangwa, mitengo iwiriyi muilambalale.