Nyali Yayaka pa Dashibodi Mutangolumikizitsa Wailesi: Muchite Chiyani?

Amayi anzanga, galimoto zambiri zomwe mabanja athu amagula, monga Sienta, Vitz ndi Probox, zimachokera ku Japan. Zikangofika timayamba kuzisintha. Wailesi yake imagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, choncho mawailesi athu ambiri samveka, ndipo timaikitsa ina. Ena amawonjezera alamu, masipika, mababu a LED kapena kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Kenaka m'mawa wina nyali yachilendo yayaka pa dashibodi, amene analumikiza uja n'kungoti, "Musadandaule mayi, zimatero." Musavomere msanga. Galimoto imeneyi ndi yomwe idzanyamule wodwala usiku.

Mukatembenuza kiyi musanalize injini, nyali zochenjeza zimayaka pamodzi, galimoto ikudziyesa yokha. Injini ikalira zimayenera kuzima. Yotsala iyang'aneni mtundu. Yobiriwira kapena yabuluu ikungokudziwitsani. Yachikasu ikuti pitani kwa makaniko posachedwa. Yofiira ikuti imani pamalo abwino.

Nyali yofiira yooneka ngati ketulo ndi ya oilo. Ikayaka mukuyenda zimitsani injini pomwepo, chifukwa injini yopanda oilo wokwanira imawonongeka m'mphindi zochepa. Ngakhale yayamba tsiku lomwe anagwira mawaya, musaiganizire kuti ndi bodza mpaka oilo atayezedwa. Chimodzimodzinso yofiira ya kutentha kwa injini, ndi ya mabuleki ngati handibuleki mwatsitsa koma siikuzima.

Nyali ya chithunzi cha batire imatanthauza kuti olitaneta sikudzaza batire. Makaniko ayeze inu mukuona. Injini itazima, batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ndipo ikulira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Batire likamatha usiku uliwonse chiikireni alamu kapena masipika, mwina chipangizocho anachilumikiza pa waya wamoto nthawi zonse, ndiye chikudya magetsi inu muli m'tulo.

Nyali ya munthu wokhala ndi mpira kutsogolo kwake, kapena yolembedwa SRS, ndi ya matumba a mpweya otchinjiriza pangozi. Mapulagi ake nthawi zambiri ndi achikasu, ndipo ena ali pansi pa mipando yakutsogolo, pomwe anyamata amakonda kulowetsa masipika. Pulagi ikasunthika nyali imayaka, ndipo matumbawo mwina sangatuluke pangozi. Mawaya achikasuwa asadulidwe kapena kulumikizidwa ndi china chilichonse.

Ya ABS ikayaka yokha, mabuleki amagwirabe, koma pa msewu woterera matayala angathe kugwidwa n'kumangokhukhuluzika. Ikayaka limodzi ndi yofiira ya mabuleki, musayende. Indiketa ikamaphethira mofulumira mutaika mababu a LED, chifukwa chake n'chakuti mababuwa amakoka magetsi ochepa, ndiye galimoto imayesa kuti babu lapsa.

Tsono pofufuza tsatirani izi. Choyamba, kumbukirani tsiku lomwe nyaliyo inayamba ndi chomwe chinaikidwa, ndipo ijambuleni pa foni. Chachiwiri, aone mafyuzi. Fyuzi iliyonse ili ndi nambala: yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Yopsa ilowedwe m'malo ndi ya nambala yomweyo. Mukane zoika yaikulu, kawaya kapena pepala lonyezimira la ndudu, chifukwa fyuzi imapsa pofuna kuti waya asapse, ndipo moto wa galimoto umatha kuyamba choncho. Yatsopano ikapsanso, pali waya wosupuka womwe ukugunda chitsulo.

Chachitatu, achotse kaye chinthu chatsopanocho, abwezere mawaya momwe analili. Nyali ikazima, gwero lapezeka. Chachinayi, aone mitu ya batire ndi waya wopita ku chitsulo cha galimoto, pakuti waya ameneyu akakhwefuka amatha kuyatsa nyali zingapo nthawi imodzi. Chomaliza, pitani kwa makaniko wa zamagetsi yemwe ali ndi makina oyezera. Amawalumikiza pa soketi ya mabowo 16 yomwe ili pansi pa chiwongolero, ndipo kompyuta ya galimoto imatchula mbali yomwe ikudandaula. Nyali zina, makamaka ya SRS, sizizima mpaka makinawa atafufuta uthengawo, koma afufute atakonza kaye. Nyali yachikasu ya chithunzi cha injini ikamaphethira m'malo mongoyaka, chepetsani liwiro ndipo musapite kutali.

Safunsa anadya phula. Musanalipire wolumikiza, mufunseni kuti magetsi wawatenga pati, ndiponso ngati waika fyuzi yakeyake pa chipangizocho. Kenaka tembenuzani kiyi nokha, muone kuti nyali zonse zayaka n'kuzima. Yomwe siikuyaka n'komwe muifunsenso, chifukwa alipo ena amene amachotsa babu kapena kumata tepi kuti vuto lisaoneke.