Kukonzekera mpikisano wothamanga ndi kunyamula zolemera: malangizo kwa anthu a m'dera la migodi la Bindura

Masiku ano anthu ambiri akukopeka ndi mipikisano imene munthu amathamanga mtunda, kuima n'kukankha kapena kunyamula zolemera, kenaka n'kuthamanganso. Masewera otere amalimbitsa mtima, mapapo ndi minofu pa nthawi imodzi, koma angathenso kuvulaza munthu amene wawalowa asanakonzeke. Tsamba lino lalembedwera anthu olankhula Chichewa a ku Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, kumene mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anakhazikika potsata ntchito za m'migodi ndi m'mafamu. Likufotokoza za kupimidwa musanayambe, ndondomeko ya maphunziro, chakudya, madzi, ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.

Kodi mpikisanowu umayenda bwanji?

Mpikisano wodziwika kwambiri wa mtundu umenewu ndi HYROX, umene unayambira mu mzinda wa Hamburg ku Germany mu 2017. Kum'mwera kwa Africa kuno wachitikapo ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Wopikisana amathamanga kilomita imodzi kasanu ndi katatu, ndipo akamaliza kilomita iliyonse amagwira ntchito imodzi mwa izi, motsatana chonchi:

1. kukoka zingwe za makina otchedwa SkiErg, mamita 1,000;
2. kukankha ngolo yopanda mateyala yosenzetsedwa zitsulo, mamita 50;
3. kukoka ngoloyo ndi chingwe, mamita 50;
4. kugona chafufumimba, kudzuka n'kudumphira kutsogolo mobwerezabwereza, mamita 80;
5. kupalasa pa makina ngati mmene apalasira bwato, mamita 1,000;
6. kuyenda mamita 200 atanyamula chitsulo dzanja lililonse;
7. kuyenda mamita 100 uku akugwaditsa bondo, thumba la mchenga lili pamapewa;
8. kunyonyomala n'kuimirira akuponya mpira wolemera pakhoma, ndipo amuna amaponya maulendo 100.

M'gulu la aliyense, ngolo imene amuna amakankha imalemera makilogalamu 152, zitsulo za m'manja 24 chilichonse, ndipo thumba la mchenga 20. Kwa amayi ndi makilogalamu 102, 16 ndi 10. Anthu wamba ambiri amatenga ola limodzi ndi theka kapena kuposera apo kuti amalize. Malangizo ali m'munsimu ndi othandizanso kwa amene akukonzekera mipikisano ya magulu opulumutsa anthu pangozi za m'migodi, pakuti nawonso amayenda mofulumira atasenza katundu.

Mphamvu za kuntchito si zokwanira

Munthu amene amagwira ntchito ku mgodi wa golide wa Freda Rebecca, amene anagwirapo ku mgodi wa nikelo wa Trojan, kapena amene amakumba yekha golide m'chigwa cha Mazowe, angaganize kuti thupi lake ndi lokonzeka kale. N'zoona kuti manja ndi msana wa munthu wotere zimakhala zamphamvu. Komabe pafupifupi theka la nthawi ya mpikisano limathera pa kuthamanga, ndipo kuthamanga kumadalira mtima ndi mapapo. Ntchito ya mumgodi imachitika modukizadukiza. Siiphunzitsa mtima kupopa magazi mofulumira kwa ola lathunthu osapumira.

Chinanso n'chakuti ntchito yolemetsa imasiya thupi lili lotopa. Kuwonjezera maphunziro amphamvu pa thupi lotopa kale ndiko kumabweretsa kupweteka kwa mawondo, msana ndi mtsempha wa kuchidendene. Choncho wogwira ntchito yamanja achepetse masiku onyamula zolemera, n'kuchulukitsa masiku othamanga pang'onopang'ono.

Yambani mwapimidwa

Pitani kukiliniki ya kuntchito kwanu, kukiliniki ya m'dera lanu, kapena kuchipatala chachikulu cha Bindura Provincial Hospital musanayambe maphunziro, makamaka ngati:

- munagwirapo ntchito m'malo a fumbi la miyala;
- mwakhala mukutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, mukutuluka thukuta usiku, kapena mukuonda popanda chifukwa;
- muli ndi matenda othamanga magazi, shuga, mphumu, a mtima kapena a impso;
- mumamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu lodabwitsa mukakwera chitunda;
- m'banja mwanu wina anamwalirapo mwadzidzidzi ndi matenda a mtima asanakalambe;
- ndinu woyembekezera kapena mwangochira kumene;
- mwapitirira zaka 40 ndipo mwakhala nthawi yaitali osachita masewera.

Fumbi lifunika kulifotokoza mwapadera. Miyala ya m'migodi ya golide imakhala ndi timchenga ta silika timene timalowa mpaka mkati mwa mapapo ndi kusiyamo zipsera. Matenda ake amatchedwa silikosisi. Sachiritsika, amayamba mwakachetechete, ndipo amachititsa kuti munthu agwidwe mosavuta ndi chifuwa chachikulu cha TB. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kupuma mobanika pogwira ntchito, chimene wothamanga angachiyese ulesi chabe n'kumadzikakamiza. Lamulo la dziko la Zimbabwe limafuna kuti ogwira ntchito m'malo a fumbi azipimidwa mapapo, ndipo bungwe la NSSA ndilo limayang'anira zimenezi. Okumba paokha nthawi zambiri sapimidwa, choncho ayenera kudzipititsa okha kuchipatala kuti akajambulidwe pachifuwa ndi kuyezetsa makhololo.

Kukhala ndi matenda okhalitsa sikuletsa munthu masewera. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi angathe kuchita nawo, malinga apitirize kumwa mankhwala awo ndi kukambirana ndi achipatala za muyezo woyenera thupi lawo. Ngati BP yanu imafika pa 140/90 kapena kuposa, iyambe yatsika musanayambe kunyamula zolemera kwambiri, chifukwa kugwira mpweya ponyamula kumaikweza kwakanthawi.

Ndondomeko ya masabata 12

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Amene sanafike pa muyezo umenewu ayambe waufikira kwa mwezi umodzi kapena iwiri asanalowe m'ndondomeko ili pansipa.

*Sabata 1 mpaka 4: kuyala maziko.* Thamangani masiku atatu pa sabata, mphindi 20 mpaka 40, pa liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu osadukiza mawu. Mukabanika, yendani kaye. Masiku awiri limbitsani miyendo, msana ndi manja ndi katundu wopepukirapo, cholinga chikhale kuphunzira kanyamulidwe koyenera: msana woongoka, katundu pafupi ndi thupi, mphamvu zichokere m'miyendo.

*Sabata 5 mpaka 8: kuwonjezera.* Tsiku limodzi pa sabata thamangani kilomita imodzi mofulumirako, pumani mphindi ziwiri, ndipo bwerezani kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi. Tsiku lina thamangani mtunda wautali pang'onopang'ono, mpaka muzikwanitsa makilomita 8 kapena 10. Wonjezerani kulemera kwa katundu pang'onopang'ono. Pa sabata imodzi musawonjezere mtunda ndi kulemera pamodzi.

*Sabata 9 mpaka 11: kusakaniza.* Apa m'pamene thupi limaphunzira kuthamanga miyendo itatopa. Kamodzi pa sabata thamangani kilomita, gwirani ntchito imodzi, thamanganinso, mpaka kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Kuyeserera mpikisano wonse wathunthu kuchitike kamodzi kokha, pasanatsale masiku 14.

*Sabata 12: kupepuza.* Dulani maphunziro ndi theka. Mphamvu zimene simunazipeze m'masabata 11 simungazipeze m'masiku asanu, koma mungathe kufika pa mpikisano mutatopa.

Sabata iliyonse ikhale ndi tsiku limodzi kapena awiri opumiratu, pakuti minofu imakula pa nthawi yopuma. Musanayambe, tenthetsani thupi kwa mphindi 10.

Zipangizo zopezeka pakhomo

Simufunikira kukhala ndi makina odula. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo zigubu ziwiri zimakwanira pophunzira kuyenda ndi katundu m'manja. Thumba la mchenga mungalikonze nokha. Tayala lakale lomangidwa chingwe limalowa m'malo mwa ngolo yokoka, ndipo wilibala yodzaza mchenga imalimbitsa miyendo poikankha pachitunda. Chofunika kuwonongerapo ndalama ndi nsapato zothamangira zokukwanani bwino. Magambutsu ndi nsapato za kuntchito si zothamangira. Sankhani bwalo la mpira kapena msewu wabata, ndipo pewani njira zodutsa pafupi ndi milu ya zotsalira za mumgodi, zigayo za miyala ndi maenje osiyidwa. Pothamanga munthu amakoka mpweya wochuluka kangapo kuposa pamene wakhala, ndipo fumbi limalowa lochulukanso chimodzimodzi.

Kutentha ndi madzi

Ku Bindura kumatentha kwambiri kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, ndipo masana a mu Okutobala nthawi zambiri amapitirira madigiri 30. M'nyengo imeneyi chitani maphunziro m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka. Thupi limatenga masiku 7 mpaka 14 kuti lizolowere kugwira ntchito kotentha, choncho masiku oyamba akhale opepuka. Wochokera pansi pa mgodi amakhala atataya kale thukuta lambiri. Ayambe wamwa madzi, wadya ndi kupuma.

Imwani pafupifupi theka la lita kutatsala maola awiri kapena atatu kuti muyambe. Mkati mwa masewera imwani pang'onopang'ono mukamva ludzu. Mkodzo woyererako ndi chizindikiro chakuti madzi akukwana. Mukadziyeza pa sikelo musanayambe ndi mutamaliza, kilogalamu iliyonse imene yachoka ikuimira pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Madzi akachuluka mopyola muyezo nawonso ndi oopsa, chifukwa amasungunula mchere wa m'magazi ndipo munthu angakomoke. Maphunziro akapitirira ola limodzi kotentha, madzi a ORS kapena chakudya cha mchere zimathandiza kubwezeretsa mchere wotayika.

Chakudya ndi tulo

Mphamvu zothamangira zimachokera ku nsima, phala, mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi. Zomanga minofu zimapezeka mu nyemba, nandolo, mtedza, soya, mazira, mkaka, kapenta ndi nyama. Wochita maphunziro amphamvu amafunika magalamu 1.2 mpaka 2 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, amenewa ndi magalamu 84 mpaka 140. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Gawani zakudyazi m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo musaiwale ndiwo zamasamba ndi zipatso. Amayi amene amatopa msanga ayezetse kuchuluka kwa magazi.

Akuluakulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Ngati mukugwira shifiti ya usiku, musachite maphunziro olemetsa mutangoweruka. Gonani kaye, ndipo masiku ovuta muwaike pa nthawi imene muli pa ofu. Mowa umachedwetsa kuchira kwa minofu ndi kusokoneza tulo, ndipo fodya amawonjezera chilonda pa mapapo amene fumbi lawakanda kale.

Chenjerani ndi mankhwala

Musamwe ibuprofen kapena diclofenac musanathamange pofuna kupewa ululu. Mankhwalawa amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo thupi likauma angathe kuziwononga. Majakisoni ndi mapiritsi okulitsa minofu ogulidwa mwamseri amawononga mtima ndi chiwindi, amachepetsa mphamvu yobereka, ndipo ndi oletsedwa m'masewera. Zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zili ndi kafini wambiri amene amathamangitsa mtima. Ngati thupi latentha, musachite masewera. Chigawo cha Mashonaland Central chimavutika ndi malungo, makamaka m'nyengo ya mvula ndi itangotha, choncho kayezetseni tsiku lomwelo.

Tsiku la mpikisano

Idyani chakudya chimene munachizolowera kutatsala maola atatu. Musavale nsapato zatsopano kapena kulawa chakumwa chachilendo. Yambani ndi liwiro lochepera pa limene mtima ukufuna, chifukwa ambiri amene amatsogola pa kilomita yoyamba amakathera mphamvu pa ngolo. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Zizindikiro zoopsa

Siyani nthawi yomweyo ndipo pitani kuchipatala mukaona izi:

- kupweteka kapena kuthina pachifuwa, kofalikira kumkono kapena kunsagwada;
- kukomoka, kapena mtima kugunda modumphadumpha;
- befu losatha ngakhale mutapuma, kapena kutsokomola magazi;
- minofu kupweteka kwambiri ndi kutupa, mkodzo n'kukhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ichi ndi chizindikiro chakuti minofu yaphwanyika ndipo zotuluka m'menemo zikutseka impso. Chimachitika kawirikawiri munthu akadzipanikiza pa masiku oyamba;
- mutu waukulu, kusanza ndi kusokonezeka mutamwa madzi ambiri.

Mnzanu akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kugwa kukutentha, dziwani kuti thupi lake latentha moika moyo pachiswe. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zovala zothina, muthireni madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza, uku wina akuitana galimoto. Kuziziritsa kuyambe pomwepo ndipo kupitirire panjira. Musamumwetse kanthu ngati sakuzindikira bwino.

Mpikisano umachitika tsiku limodzi, koma mapapo, mtima ndi impso ndi zimene mudzagwire nazo ntchito yodyetsa banja kwa zaka zambiri. Kapimitseni musanayambe, wonjezerani maphunziro pang'onopang'ono, ndipo musamachite nokha kumalo kopanda anthu. Ngati muli ndi funso lokhudza thupi lanu, kafunseni namwino kapena dokotala pa kiliniki imene muli nayo pafupi.